WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI, NGAKHALE AKHALE FONI

Kuno ku seminale moyo wathu umayendera belu. Likalira m'mamawa timadzuka, likaliranso timalowa m'kalasi, ndipo palibe mnyamata amene anayamba wapita kwa Abambo kukapempha kuti belulo alikulunge nsanza poti likumusokoneza tulo. Koma tikapita ku tchuthi timakapeza abale athu ali ndi belu lina m'thumba, belu loposa lathuli, ndipo ambiri analikulunga nsanza kalekale. Ndikunena foni ya m'manja. Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti ntchito yoyamba ya foni ndi kuchenjeza ndi kuitana thandizo, nyimbo ndi mpira zibwere pambuyo, ndipo munthu amene amaitseka pakamwa akusewera ndi moyo wake ndi wa anzake. Izi sindinaziwerenge m'buku ayi. Ndinaziona kwathu.

Ine kwathu ndi ku Bandawe, kummwera pang'ono kwa Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Ambiri a inu mumadziwa Bandawe chifukwa cha Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia, amene anasamukirako m'chaka cha 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Koma ife eni dera timadziwa Bandawe chifukwa cha nyanja. Fizi yanga imachokera m'nyanja, sopo ndi nsapato zanga zimachokera m'nyanja, ndipo kondowole wopanda usipa kwathu sitimuwerengera kuti ndi chakudya.

Amalume anga, amene kwathu timati asibweni, ali ndi boti la matabwa la injini ndi ukonde wa chilimira. Kwa amene simunaonepo, usipa amaupha usiku wa mdima, mwezi kulibe. Akafika pakati pa nyanja, munthu mmodzi wotchedwa siginala amatsikira m'kabwato yekhayekha ndi nyali zowala kwambiri. Usipa umasonkhana pa kuwalako, ndipo iye akaona kuti wachuluka amauza anzake kuti aponye ukonde. Siginala wa asibweni anali mnzanga amene ndinaphunzira naye ku pulayimale. Ankandiposa zaka ziwiri, ndipo anasiya sukulu tili Sitandade 7 bambo ake atamwalira.

Tsiku lina pa tchuthi cha Ogasiti chaka chatha, nyanja inali bata ngati mafuta m'mbale. Msuweni wanga, amene amayendetsa injini, ali ndi foni yamakono, ndipo anali pa gulu lina la WhatsApp la asodzi ndi ogula nsomba. Pa gulupo pali bambo wina amene amakonda kutumiza machenjezo a Nthambi Yoona Zanyengo. Koma poti pa gulu lomwelo pamabwera malonda, mikangano ya mpira ndi moni wa m'mawa wosatha, msuweniyo analitseka kuti lisamalire. Ananyamuka dzuwa likupendeka. Pakati pa usiku mwera unafika.

Cha m'ma 2 koloko foni ya amayi inalira. Ya asibweni inali itagona kotchajitsa. "Azakhali, injini yazima, madzi akulowa, siginala sitikumuona!" Amayi anafuula kuti, "Muli pati, mwananga? Nena muli pati!" Iye anati, "Sitikudziwa, kuli mdima wokhawokha." Kenaka foni inaduka, batire litatha, pakuti madzulo onse anali akumvetsera nyimbo. Mudzi wonse unatsikira ku doko. Tinakoleza moto pamchenga kuti mwina auone. Analipo eni maboti ena amene anali okonzeka kuyesa, koma akanalowera kuti? Kutacha tinamva kuti boti lakokolokera kumpoto kwa Chintheche, onse amene anali m'menemo ali moyo. Mnzanga uja anapezeka tsiku lachitatu.

Tili pamaliro, msuweni wanga anandikokera kuseri kwa nyumba. Anali atatchaja foni ija. Anatsegula gulu lija, nandionetsa osanena kanthu. Chenjezo linali pomwepo, lonena kuti mwera uyamba usiku umenewo ndipo asodzi asamale. Linafika masana, iwo asananyamuke ndi maola asanu. Anangoti, "Msuweni, taona," n'kuyamba kulira. Sindikulemba izi kuti ndimuimbe mlandu, pakuti zimene anachita iye amachita aliyense, ndipo ndisanaone zimenezi nanenso ndikanachita chimodzimodzi.

Awerengi okondedwa, ukali wa mwera si nkhani yachilendo. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo yagona motsata njira ya mphepoyo, kotero mafunde amayenda mtunda wautali akukulirakulira, n'kudzafika kumpoto kuno atakhwima. Chakuno ndiye kozamanso kwambiri, pena mpaka mamita 700. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kufa. Amenewo sitingawafunse kuti bwanji simunamve chenjezo, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe foni m'thumba mwa munthu. Koma pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero linagubuduka ku Mlowe m'boma la Rumphi, ena n'kumira, ndipo apo mafoni anali atafala kale.

Taganizaninso za namondwe wa Freddy, amene anagwedeza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Namondweyo anakhala masiku 36 asanathe mphamvu, motalika kuposa wina aliyense m'mbiri yolembedwa, ndipo akatswiri a zanyengo ankamutsatira tsiku ndi tsiku. Machenjezo anaperekedwa masiku angapo asanafike. Komabe matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, chimodzimodzinso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Apa phunziro ndi lakuti chenjezo likhoza kuperekedwa koma osafika m'khutu, ndipo likhoza kufika m'khutu koma osafika m'miyendo. Mtunda wovuta kwambiri si wochokera ku Blantyre kufika ku Bandawe ayi, koma wochokera m'thumba kufika m'maso.

Maiko a dziko lapansi anaona kale zimenezi. M'chaka cha 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko azifikiridwa ndi chenjezo ngozi isanagwe. Kafukufuku wina wa mu 2019 anapeza kuti chenjezo la maola 24 okha limatha kuchepetsa chionongeko ndi magawo 30 pa 100 alionse. Msuweni wanga sankafuna maola 24. Mphindi imodzi yokha yoyang'ana foni ikanakwana.

Tsono kodi foniyo tiikonze bwanji? Kuno sitiloledwa kusunga mafoni, ndipo lamulolo sindikulitsutsa. Zimene ndilembe apa ndinaziphunzira pa tchuthi chomwecho maliro atatha, nditakhala pansi ndi foni ya msuweni wanga ndi ya amayi.

Poyamba, chenjezo lipatsidwe njira yakeyake. Ngati gulu la asodzi ladzaza ndi nthabwala, pakhale gulu lina la machenjezo okhaokha, limene olemba ndi anthu awiri kapena atatu basi, ndipo limenelo lisatsekedwe. Foni imalola kuti gulu limodzi lizilira mosiyana ndi ena onse. Lipatseni kulira koipa, kosasangalatsa, kuti likalira ngakhale wogona adzidzimuke. Nthambi Yoona Zanyengo imafalitsa machenjezo a mwera pa wailesi ndi pa Facebook, kotero wotumiza azitenga kumeneko, osati kwa "ndamva akuti".

Chachiwiri, mafoni ambiri amakono ali ndi malo olembedwa kuti Safety and emergency, ngakhale ena amalemba mosiyanako pang'ono. M'menemo muli Emergency SOS. Mukaiyatsa, kudina batani loyatsira foni kasanu mofulumira kumaitana thandizo popanda kufunafuna nambala, ndipo mafoni ena amatumizanso uthenga kwa abale amene munawasankha, wonena pamene muli. Munthu amene manja anyowa ndipo akunjenjemera sangalembe uthenga, koma batani angathe kudina. M'malo omwewo mungalembe dzina lanu, gulu la magazi anu, matenda amene muli nawo monga khunyu kapena shuga, ndi nambala ya mbale wanu, ndipo zimenezi zimaoneka ngakhale foni ili yokhoma. Mukakomoka pa ngozi ya minibasi pa msewu wa M5, wokutolani adzadziwa woimbira.

Chachitatu, phunzirani kunena pamene muli. Ichi ndicho chinatipweteka ife usiku uja. Foni yamakono imadziwa malo ake pomvera masetilaiti, ndipo zimenezi sizidalira bandulo. Pa mapu a m'foni, mukadina ndi kugwiritsa pa kadontho kosonyeza inuyo, pamatuluka manambala awiri a malowo, amene mungathe kuwatumiza pa meseji wamba kapena kuwawerengera munthu pakamwa. Ngati bandulo ilipo, WhatsApp imatumiza malowo mosavuta. Dziwaninso kuti netiweki ikafooka, meseji imatha kudutsa pamene kuimba kwakanika.

Chachinayi, batire ndi mafuta a ulendo. Palibe msodzi amene amalowa m'nyanja ndi thanki yopanda petulo, nanga bwanji amalowa ndi foni yopanda moto? M'boti lililonse mukhale foni imodzi yodzaza, yomangidwa m'pepala la pulasitiki, imene ntchito yake si nyimbo. Kumtunda nakonso mukhale foni imodzi imene sigona kotchajitsa. Ndipo amene muli ndi kafoni ka mabatani musadzione otsalira: batire lake limakhala masiku, ndipo timafoni tambiri totere tili ndi tochi ndi wailesi imene sifuna mayunitsi.

Chachisanu, sungani manambala oyenera ndipo muwalembenso papepala. Nambala ya apolisi ya 997 ndi yofunika, koma pa nyanja amene amafika msanga ndi mwini boti wa pa doko loyandikana nalo, wapampando wa komiti ya pa doko, kapena mfumu. Amenewa akhale pamwamba penipeni.

Ndikudziwa kuti alipo amene akuwerenga uku akupukusa mutu, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Asibweni eni ake anandiuza kuti, "Mphwanga, iwe ukulankhula ngati mwana wa sukulu. Makolo athu ankadziwa mwera poyang'ana mitambo ndi kamvekedwe ka mafunde, foni kulibe." N'zoona, ndipo nzeru zimenezo tisazitaye, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Koma maso a munthu, ngakhale akhale akuthwa chotani, amaona pamene thambo lathera basi. Mphepo imene ikudzuka makilomita mazanamazana kummwera amaiona ndi makina. Tsiku lija akuluakulu onse anayang'ana nyanja madzulo ndipo palibe anakayika. Nzeru za makolo ndi chenjezo la pa foni si adani, ndi maso awiri a mutu umodzi.

Ena amati azanyengo amanama: amanena kuti kubwera mwera, iwe n'kugona kumtunda, anzako n'kubwera ndi mabigili odzaza. Izi zimachitikadi, chifukwa kulosera nyengo si kuwerenga kalendala. Koma tiyeni tiyeze pa sikelo. Ukamvera chenjezo limene silinakwaniritsidwe, wataya usipa wa usiku umodzi. Ukanyozera limene lakwaniritsidwa, ukhoza kutaya boti, ukonde, injini ya ngongole ndi mwana wa mwini. Usipa umabweranso mawa, koma madzi akatayika saoleka.

Ena amati anatseka mauthenga chifukwa cha akuba a pa foni, aja amalemba kuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", ndi mabodza ena oopseza anthu. Apa ndikuwamvetsa. Ngakhale batani la SOS lili ndi vuto lake: mu 2023 apolisi a ku Britain anadandaula kuti akulandira mafoni ochuluka oimbidwa mwangozi, batani litadinika lokha m'thumba. Koma mankhwala a vutoli ndi kusankha, osati kutseka zonse. Wakuba tsekani nambala yake. Batani likonzeni kuti liziyamba lalira kaye lisanaimbe. Munthu satseka makutu onse awiri chifukwa chakuti udzudzu ukumulirira.

Koma mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya umphawi, ndipo pa imeneyi ndilibe yankho lokwanira. Mnzanga uja akanaliona chenjezo, kodi akanakana kupita? Amayi ake ndi azing'ono ake atatu ankadya za m'manja mwake. Wantchito wa m'boti akapanda kupita salandira kanthu, ndipo akakana kawiri malo ake amatenga wina. N'chifukwa chake ndikuti chenjezo lisamasiyidwe m'manja mwa mnyamata wosauka yekha kuti alimbane nalo. Eni maboti ndi komiti ya pa doko agwirizane kuti chenjezo lalikulu likabwera, pasapezeke boti lonyamuka, kuti pasakhale wochita manyazi kapena woopa kutchedwa wamantha. Ndipo mwini boti amene angathe kugula injini angathenso kugula majekete oyandamitsa, kuyambira ndi la siginala, amene amakhala yekha m'kabwato. Foni imachenjeza, koma siyandamitsa munthu.

Tsono ndili ndi mapempho. Kwa boma, bungwe la MACRA, ndi makampani a Airtel ndi TNM: pali njira yotumizira chenjezo ku mafoni onse amene ali pansi pa nsanja imodzi ya netiweki nthawi imodzi, popanda kudziwa manambala awo ndi popanda bandulo, ndipo foni imalira mokweza ngakhale mwini ataiika poti isamalire. Ku Japan anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2007, ku America mu 2012, ndipo Britain inaiyesa dziko lonse pa 23 Epulo 2023. Ine ndikulakalaka kuti chenjezo la mwera lizifika motere pa foni iliyonse ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande mpaka ku Usisya, laulere, lalifupi, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Kwathu ku Bandawe kuli sukulu ya ana osamva. Amenewa wailesi siwathandiza, ngakhale mfuu ya m'mudzi sawaimva, koma foni ikanjenjemera n'kuonetsa mawu, chenjezo lawafika ngati wina aliyense.

Kwa inu Abambo athu ansembe: Lamulungu lililonse mumakhala ndi anthu ochuluka kuposa msonkhano uliwonse wa m'mudzi. Pa zolengeza, pakati pa za mtulo ndi za maukwati, mphindi ziwiri zokumbutsa anthu za nyengo ya mwera kapena ya mvula yamphamvu sizingatalikitse mwambo. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akhoza kukhala m'gulu la machenjezo lija, kuti uthenga ukafika kwa mmodzi, ufike kwa onse, ngakhale kwa agogo amene alibe foni.

Kwa inu makolo: mukatigulira kapena kutibwereka foni, musamangofunsa kuti tikucheza ndi yani. Tifunseninso ngati nambala yanu tinaiika pa malo a ngozi. Ndipo musachite manyazi kutipatsa foni yanu kuti tikukonzereni, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa inu anzanga aseminale: ife timamva Chingerezi chimene chalembedwa m'mafonimu, pamene abale athu ambiri sachimva. Tikafika kumudzi amatipatsa mafoni kuti tiwaikire nyimbo ndi zithunzi. Tisanaike nyimbozo, tiyeni tiyambe tayatsa zimene ndatchulazi, ndipo tiwaphunzitse mpaka azichita okha ife titachoka. Si a kunyanja okha ayi. Wa ku Karonga akumbuke zivomerezi za mu Disembala 2009 ndi madzi osefukira a chaka ndi chaka, wa kumapiri akumbuke Chilobwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wa ife atakonza mafoni khumi okha pa tchuthi chimodzi, werengani nokha kuti seminale yonse ingafikire mabanja angati.

Ndisanabwerere kuno, ine ndi msuweni wanga tinayenda pa doko lathu boti ndi boti. Ena anatiseka, ena anatipatsa mafoni awo. Asibweni, amene ankati ndikulankhula ngati mwana wa sukulu, anagula majekete awiri, nalonjeza kuti ena agula usipa ukachita bwino. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapeza msuweniyo ali ndi chizolowezi chatsopano: asanakoke chingwe cha injini amatulutsa foni, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve. Tsiku lina anawerenga, nabweza petulo kunyumba, ndipo usiku umenewo nyanja inagona tulo mpaka kucha. Anzake anamunena kwambiri. Iye anangoti, "Ndinenani, bola mukundinena muli moyo."

Amayi a mnzanga uja ndimawaona ndikapita kwathu, akuyanika usipa wa eni pa thandala kuti apeze ya ufa. Sindinawauze za uthenga umene unafika masana aja, ndipo sindidziwa ngati ndidzawauze. Koma inu ndakuuzani. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansi ameneyu muli naye m'thumba, mulekeni alankhule.